Za Will, Must ndi Zoyankhula Wina m'Sukulu za ku Mabvuku ndi Mufakose

M'malokeshoni a mu Harare monga Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara muli zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito ku Salisbury, ambiri m'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963. Ana ameneŵa amamva Chicheŵa kwa agogo ao, Chishona pabwalo, Chingerezi m'kalasi. Ziyankhulo ziŵiri zoyambazo zimamvana pa mfundo imodzi: mlumikizi kuti, amene ali m'zonse ziŵiri, sasuntha nthaŵi ya mneni. Munthu akati "Ndidzabwera", womufotokoza amati "Adanena kuti adzabwera", ndipo -dza- amakhala pomwepo.

Chingerezi chili ndi njira ina. Otto Jespersen adatcha khalidweli back-shifting, ndipo mabuku a sukulu adalisandutsa mndandanda woloŵeza pamtima: will akhale would, can akhale could, may akhale might, must akhale had to. Woyenera kuzengedwa mlandu ndi mndandanda umenewu.

Mwana wolemba He said he will come tomorrow amalandidwa malikisi, nauzidwa kuti waganiza m'chiyankhulo cha kwao. Komatu ngati tsikulo silinafike, chiganizocho nchabwinobwino. Randolph Quirk ndi anzake, m'buku lao lalikulu la malamulo a Chingerezi la 1985, adavomereza kuti kusunthako sikukakamizidwa pamene zonenedwazo zikadali zoona.

Koma malikisi ndi nkhani yaing'ono. Choopsa chili pa must. Namwino akauza wodwala kuti You must not stop the tablets, mwana womvera mndandanda adzafotokoza kuti She said he did not have to stop. Chiletso chasanduka ufulu wosankha. Ndipo ana otereŵa ndiwo amaperekeza agogo ao kuchipatala, nakauza achibale zimene zanenedwa kumeneko. Chicheŵa sichiterereka pamenepa: "Musasiye mankhwala" amangokhala "Adati asasiye mankhwala". May nayenso ngwonyenga. You may go home ndi chilolezo, pamene She said he might go home ambiri lero amamva ngati chikayiko chabe, kunena kuti mwina apita, mwina ayi.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 adaika Chicheŵa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Mphunzitsi wa ku Tafara alibe chifukwa chochibisira pakhomo la kalasi. Ayambe wafunsa ana m'Chicheŵa kapena m'Chishona ngati mau a namwinowo ndi lamulo, chilolezo kapena kupenekera, kenaka asankhe mneni wa Chingerezi. Pa chiletso, must not asiyidwe monga aliri, kapena alembedwe was not to.