Mwana woopa phokoso ndiye timamutumiza kutali

Mwa ana onse, amene ulendo umamuzunza koposa ndi mwana wa autism. Koma kuno kwathu ku Tsangano ndi ku Macanga, mwana yemweyo ndiye timamuyendetsa mtunda wautali kuposa anzake. Wa malungo amalandira mankhwala pachipatala chaching'ono chapafupi. Wothyoka mwendo amamutengera ku Ulongwe kapena ku Tete. Nanga uyu wafika zaka zinayi asakuyankhula, amene sacheuka ukamuitana chikhalirecho makutu ake ndi abwinobwino, amene amangozungulira pamalo amodzi n'kumakupiza timanja? Makolo ake amangomva kuti odziwa za ana oterewa ali kumizinda ikuluikulu, ku Beira kapena ku Maputo.

Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 1,500, ulendo wogona m'njira. Pandege ndi pafupifupi maola awiri. N'chifukwa chake banja likagulitsa bwino fodya kapena mbatatesi limalimba mtima n'kugula matikiti, poganiza kuti maola awiri okha mwana apirira. Mlongo wanga ndi alamu anachita zomwezo, ndipo ine, pokhala malume wa mwanayo, ndinaperekeza mlongo wanga alamu atatsala ndi munda.

Amene sanayendepo ndi mwana wotere amaganiza kuti vuto limayambira pakhomo la ndege. Ayi, limayambira pakhomo la nyumba. Mwanayu moyo wake umayenda bwino zinthu zikamachitika monga zinachitikira dzulo: phala m'mbale yomweyo, njira yomweyo yopitira kumjigo, juzi yomweyo. Tsiku la ulendo limamulanda zonsezi nthawi imodzi. Tinamudzutsa kudakali mdima, kukuzizira monga kumazizirira kumtunda kwa Furancungo, n'kumukweza panjinga yamoto. Kenako chapa (minibasi), amene sanyamuka mpaka atadzaza. M'katimo anthu othithikana, wailesi ili pamwamba, fungo la dizilo likusakanikirana ndi la nsomba zouma, mlendo aliyense akufuna kumugwira tsaya pomupatsa moni. Pamene timatsikira kuchigwa cha Zambezi kutentha kunali kosasimbika, koma iye juzi yake anakana kuvula, chifukwa ndi chokhacho chakwawo chimene chinamutsalira pathupi.

Pabwalo la ndege la Chingodzi ku Tete vuto linali chitsononkho. Mwanayu amayenda ndi chitsononkho m'manja kulikonse, ngakhale pogona. Pamalo ofufuzira katundu chilichonse chimayenera kulowa m'makina, ndipo mlongo wanga atangochigwira, mwana anadzigwetsa pansi n'kuyamba kudzimenya mutu. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo anagwada, namulozera mbali inayo ya makina, n'kuyembekeza osamukhudza mpaka mwana ataona chitsononkho chake chikutulukira. Mayi ameneyu sanatifunse dzina la vutolo. Anangoona kuti mwana ali ndi mantha, ndipo anamupatsa nthawi.

M'ndegemo munalibe kothawira. Lamba womanga m'chiuno, injini zikubangula, ndiyeno makutu kuwawa ndege ikamakwera ndi kutsika. Wamkulu amadziwa kumeza malovu kapena kuyasamula kuti makutu atseguke, koma mwana wosayankhula sanganene n'komwe pamene pakupweteka. Anakuwa. Bambo wina kumbuyo kwathu ananena mokweza, mwadala kuti timve: "Mwana ameneyu anangomulekerera. Akanakhala wanga ndikanamuthira mbama imodzi, bwenzi atatonthola." Mlongo wanga sanayankhe. Anamasula chitenje, namukulunga nacho mwana molimba mutu ndi mapewa, n'kumamugwedeza mpaka kulira kunasanduka kusisima. Misozi yake iye mwini anaipukuta ndi nsonga ya chitenje chomwecho.

Ndikufuna bambo ameneyo, ndi ena onse oganiza ngati iye, amve ichi. Zimene anaonazo si mwano. Ubongo wa mwana wa autism umalandira phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mosiyana ndi wathu. Ife tikakhala m'chapa, makutu amasankha chomvera n'kusiya zinazo. Kwa ana ambiri otere zonse zimalowa pamodzi ndi mphamvu yofanana, ngati mawailesi khumi otsegulidwa m'chipinda chimodzi. Zikamuchulukira amaphulika, ndipo mbama ingowonjezera ululu pa ululu. Wochita matama amatonthola ukamupatsa chimene akufuna. Uyu satonthola mpaka thupi lake litapeza bata.

Chimene chinandikhalitsa chete ku Maputo n'chakuti dokotala sanatenge magazi ndipo sanamuunike ndi makina aliwonse. Anakhala pansi n'kumaonerera mmene mwana amaseweretsera zidole, ngati amaloza chinthu ndi chala, ngati amayang'ana mayi ake kumaso. Kenako anafunsa mlongo wanga mafunso ambirimbiri onena za ukhanda wa mwanayo, ine ndikumasulira kuchokera m'Chipwitikizi. Ndi mmene autism amaidziwira padziko lonse: palibe kuyeza magazi kumene kumaionetsa. Tinawoloka dziko lonse kukafuna maso ophunzitsidwa ndi makutu oleza mtima. Zimenezi zikhoza kubwera ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Ntengo-wa-Mbalame, mwana ali pabwalo la kwawo pamene khalidwe lake lenileni limaonekera bwino.

Mabanja ambiri sangathe n'komwe kulota za ndege. Ena a m'malire amadutsira ku Biriwiri kapena ku Calomue kukayesa ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe, kumene n'kufupi ndiponso mayi amafotokoza yekha m'chiyankhulo chake. Ochuluka amangokhala. Ndipo kukhalako n'kolemera. Mayi wa mwana wotere sagona kumaliro, amatuluka m'tchalitchi mapemphero ali m'kati, kumsika wa ku Tsangano Turn-off amatuma ena. Nthawi yopalira kapena yothyola fodya, pamene dzanja lililonse likufunika kumunda, wina ayenera kutsala, chifukwa mwanayu amatha kungonyamuka kulunjika kumtsinje kapena kuchitsime osaopa kanthu. Wotsalayo kawirikawiri amakhala mtsikana wamkulu m'nyumbamo, ndipo sukulu yake imathera pomwepo. Kwina mwana amatsekeredwa m'nyumba tsiku lonse. Sindikuwaweruza makolo ochita zimenezi, chifukwa ndaona mmene amagwirira njakata, koma mwana wotsekeredwa saphunzira kukhala ndi anthu, ndipo anthu nawo saphunzira kukhala naye.

Pamwamba pa zonsezi pali pakamwa pa anthu. Kuno banja likakhoma malata ndi ndalama ya fodya, kapena likagula galimoto yonyamulira mbatatesi, pakhomo pali mwana wosayankhula, mlandu watha kale: anamukhwimira. Ndamva mawu amenewa akunenedwa za alamu anga, munthu amene anagulitsa ng'ombe kuti mwana wake aonedwe ndi dokotala. Achimuna nawo amaloza chala kuchikazi, achikazi kuchimuna, mpaka ukwati kugwedezeka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Ali m'mabanja olemera ndi osauka, ku Maputo, ku London, ku Tokyo, kumene kulibe wolima fodya. Dokotala Leo Kanner anafotokoza za ana otere ku America mu 1943. Akatswiri amati gawo lalikulu limachokera ku chibadwa, osati kaleredwe. Katemeranso alibe mlandu: kafukufuku wa mu 1998 amene anafalitsa mphekesera imeneyi anapezeka kuti anali wachinyengo, ndipo magazini ya The Lancet inamuchotsa mu 2010.

Maiko ena anayamba kuganizira apaulendo otere. Pabwalo la ndege la Gatwick ku England, mu 2016 anayambitsa chingwe chovala m'khosi chokhala ndi maluwa a mpendadzuwa, chodziwitsa antchito kuti wovalayo ali ndi ulumali wosaoneka ndi maso. Ku Boston mabanja amaitanidwa kukayeserera ulendo wonse, kuyambira pamzere mpaka kumanga lamba, ndege isakupita kulikonse. Makampani a ndege alinso ndi chizindikiro cha DPNA cholembedwa pogula tikiti, chosonyeza kuti wokwerayo afunika thandizo la mtundu umenewu. Amene mukukonza ulendo, chitchuleni pogula tikiti. Muonetseni mwana zithunzi za ndege pafoni masiku angapo musananyamuke, tengani chakudya chimene amadya kwawo, chotseka kumakutu, ndi kanthu kake kaja kamene sakasiya. Ngati n'kotheka gonani ku Tete usiku umodzi, kuti chapa ndi ndege zisamugwere tsiku limodzi.

Koma pempho langa lalikulu likupita kwa akuluakulu a zaumoyo ndi a maphunziro m'chigawo chathu. Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 inakhazikitsa lamulo lake loteteza ufulu umenewu. Kuyambira mu 1996 dziko lino limaphunzitsa ma técnico de psiquiatria, othandiza odwala matenda a maganizo, amene tsopano ali m'maboma ambiri. Mumzinda wa Tete muli CREI, malo ophunzitsira ana a ulumali pamodzi ndi anzawo. WHO ili ndi maphunziro a makolo a ana ochedwa kukula, okonzedwa kuti aziperekedwa ndi anthu amene si madokotala. Poyambira palipo. Phunzitsani anamwino a kusikelo ya ana ndi ma APE, ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi, kuzindikira zizindikiro mwana asanakwanitse zaka zitatu. Ikani tsiku lodziwika pamwezi limene wodziwa za ana otere azifika ku Furancungo ndi ku Tsangano, ndipo mafunso ake akhale m'Chinyanja. Muitanenso mafumu ndi atsogoleri a mipingo adzakhale nawo pamaphunzirowo, chifukwa milandu ya kukhwimira imakathera m'manja mwawo.