Nkoloko ya manambala yakulu: ipangeni mweka

Mukangena mu banki olo ku filling station, muonako manambala yofiila yamene yawala mpaka munthu ali patali awelenga bwino. Ambili timaganiza ati ivi ni vintu va mainjiniya a ku China chabe. Iyayi bakamba. Nkoloko ya manambala yakulu mungaipange mweka pa tebulo ya kunyumba, pa Sondo imodzi masana, malinga muli na kit, soldering iron na mtima wodekha. Sabata ino tasiyako nkhani za ma show na ma DJ, tikambe za manja yanu.

Kit imabwela mu kapepala ka pulasitiki. Mukati mupeza board yobiliwila yamene amaitana PCB, ma resistor, ma capacitor, ka chip, tumabatani na manambala yeniyeni. Nambala iliyonse ili na timizele 7, ndiye chifukwa chake amati seven segment. Kuti ilembe 8 timizele tonse tiyaka, 1 ifuna tubili chabe, 7 ifuna tutatu. Ka chip ndiye kamauza kamzele kalikonse nthawi yoyaka na yozima. Pogula, funsani ngati kit ili na chip yosunga nthawi, monga DS1302, pamodzi na ka batili kozungulila monga ngwee. Ife a mu komboni tidziwa load shedding, maka-maka ija ya 2024 pamene madzi yanachepa ku Kariba. Nkoloko ilibe ka batili aka, malaiti yakayenda iiwala nthawi, ndipo muzayamba kutinika mabatani tsiku na tsiku. Yamene ili nako, manambala yazima koma mukati ipitiliza kuwelenga, malaiti yakabwela nthawi ili bwino-bwino.

Funsaninso za mphamvu. Ma kit yang'ono yamagwila nchito na 5V, charger ya foni olo power bank ikwana. Manambala yakulu maningi yamakhala na ma LED yambili motsatizana mu kamzele kamodzi, ndipo LED yofiila imodzi imadya pafupi-fupi 2V, so yambili yafuna adapter ya 12V. Welengani zimene zalembedwa pa board. Ndipo osayesa olo pang'ono kulumikiza board ku socket ya pa chipupa mwachindunji. Muja muli 230V, izapsa board, na imwe mungapite nayo.

Zida sizambili. Soldering iron ya 25W mpaka 40W yansonga yoonda, waya wa solder woonda wokhala na flux mukati, ka cutter, ka siponji konyowa na multimeter ngati mungabweleke. Mu town, mashopu ya ma spare ya mafoni na mawailesi cha ku Katondo Street na ku Kamwala ndiye koyambila kufunsa. Solder ya 60/40 imasungunuka pafupi-fupi pa 190°C, pamene ija ilibe lead ifuna kupitilila 217°C, so kwa woyamba ya 60/40 ndiye yosavuta. Ngati iron yanu ili na posinthila moto, iikeni cha pa 330°C mpaka 350°C. Flux ya ma plumber ija ya asidi isiyeni ku mapaipi, imadya mkuwa wa pa board. Na nzelu ija yootcha msomali pa mbaula, pa waya wa wailesi ingagwile, koma pa board iyi izakudyelani ndalama.

Manje nchito yeniyeni. Thilani tonse mu mbale, muwelenge ngati tulipo monga mwa pepala. Yambani na tufupi, muzasiliza na tutali, chifukwa mukayamba na manambala yakulu board siizagona bwino pa tebulo. Ma resistor ndiye yoyamba. Aya yalibe kutsogolo olo kumbuyo, koma yasiyana mphamvu, ndipo mitundu ya pa thupi ndiye imakamba: brown, black, red ni 1k, pamene brown, black, orange ni 10k. Usiku pa kandulo red na orange zioneka chimodzi-modzi, ndiye pimani na multimeter olo yembekezani kuche.

Pali tuzinthu tina tumene sitifuna masewela. LED ili na mwendo utali, ndiye wa plus, waufupi ni minus. Capacitor yooneka monga ka dramu ili na mzele mumbali, uja ni minus, ndipo mukaitembenuza ingatupe olo kuphulika. Chip ili na kodulidwa kumutu kwake, kafunika kuyang'ana kumene chithunzi cha pa board chionetsa. Ngati kit ili na socket, wotchelelani socket yeka, chip muingenetse pothela kuti isamve moto. Pa manambala, ka dot kakhale pansi, koma onetsetsani pa board chifukwa ma kit yena yamatembenuza nambala imodzi mwadala kuti tumadot tubili tupange chizindikilo cha pakati pa maola na maminiti.

Kuwotchelela kuli na lamulo imodzi yamene ambili amaphonya. Osasungunula solder pa iron na kuinyamula monga nsima ku mbale. Gunditsani nsonga ya iron pa mwendo na pa kamkuwa ka board nthawi imodzi, dikilani sekondi imodzi olo zibili, ndiye mugunditse solder mbali inayo. Izayenda yeka monga madzi. Chotsani solder, ndiye iron. Zonse pamodzi masekondi yatatu olo yanayi, mukachedwa kamkuwa kamatuka pa board ndipo kubwezela ni nkhondo. Joint yabwino imawala ndipo imaoneka monga ka chulu kang'ono. Ikakhala monga ka bola olo yotuwa yokhakhala, siinagwile, ibwezeleni moto. Nsonga ya iron muziipukuta pa siponji pafupi-pafupi.

Thupi nayo muisamale. Utsi uja ni wa flux ndipo umavuta chifuwa, so tsegulani windo. Solder ya 60/40 ili na lead, sambani m'manja na sopo musanagwile chakudya, ndipo osaigwila na mano. Podula miyendo, tsekani na chala chifukwa tumawaya tumaulukila m'maso. Iron ikagwa, isiyeni igwe. Ana ang'ono akhale kutali na tebulo.

Musanaike mphamvu, tengani tochi ya foni muyang'ane kumbuyo kwa board mzele na mzele. Solder ikalumikiza miyendo ibili yoyandikana, ija ni short, ichotseni na solder sucker olo wick. Mukayasha, ngati kamzele kamodzi sikayaka pa nambala imodzi, vuto kambili ni joint ya pamenepo. Kamzele kamodzi-modzi kakazima pa manambala yonse, onani resistor yake olo mwendo wa chip. Nambala yonse ikakhala mdima, onani transistor yake. Zonse zikakhala zii, yambani na adapter na mbali imene chip yayang'ana. Mukamva kununkha olo chip yatentha, zimyani pamenepo.

Mwina mufunsa ati kaili nkoloko ili kale mu foni, nivutikilenji? Zoona. Koma chimene mugula apa ni luso. Manja yamene yawotchelela miyendo 100 bwino-bwino ndiye yamene mailo yazakonza charger, speaker ya ku kitchen party, tochi ya solar na amplifier ya ku tchalitchi. Anyamata na atsikana ambili okonza mafoni mu town anayambila pa tunchito tung'ono monga utu. Mukaona kuti mwaikonda, makoleji ya pansi pa TEVETA yali na makosi ya zamagetsi, ndipo pepala ija imathandiza pofuna nchito.

Na nkoloko yeniyo siizagona mu kabati. Mu barbershop, mu salon olo pa kantemba, manambala yowala yamakoka maso, ndipo kasitomala akafunsa ati munagula kuti, muyankha ati napanga neka. Month end ikafika, patulani ya talk time pang'ono, muitane mnzanu mugawane mtengo wa iron. Mmodzi agwile board, wina awotchelele, ndipo mukasiliza mutiuze ngati yayaka pa first time.