Ndalama yolowa mu foni si phindu: a Finanças amve asanafike ku Angónia

Malonda a mbatatesi ku Angónia asintha njira. Kale wogula wa ku Tete kapena ku Beira ankayenera kubwera yekha, kugona ku Ulónguè, m'mawa n'kulawirira kumidzi ya ku Dómuè ndalama atamanga m'chiuno. Lero mnyamata wa foni ya kamera amangojambula matumba ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, n'kuika chithunzicho pa WhatsApp kapena m'gulu la malonda pa Facebook. Dzuwa lisanalowe, wogula amakhala atatumiza ya chikole pa M-Pesa kapena e-Mola. Nyemba, soya, kabichi, nkhuku, nsapato za kaunjika, zonse zikudzera momwemo. Chimene ambiri sanachiganizire n'chakuti ndalama ya pepala imachoka dzanja ili kupita dzanja ilo popanda woilemba, pamene ya pa foni imalembedwa tsiku, ola, nambala ya wotumiza ndi ya wolandira. Ndipo kumene ndalama ikulembedwa, wa msonkho sachedwa kufikako.

Kwina anafika kale. M'maiko a European Union, kuyambira pa 1 Januwale 2023, makampani a misika ya pa intaneti monga eBay ndi Vinted amakakamizidwa kupereka kwa a msonkho dzina la aliyense amene wagulitsa katundu ka 30 kapena kuposa pa chaka, kapena amene walandira ndalama zoposa 2,000 euro. Britain inayamba zomwezo mu Januwale 2024. Ku America nkhani yake inafika pokangana. Malire operekera dzina la wogulitsa anali madola 20,000 ndi malonda oposa 200 pa chaka. Mu 2021 aphungu anawatsitsa kufika pa madola 600 okha. Bungwe lotolera msonkho la IRS linazengereza kuwagwiritsa ntchito chaka ndi chaka, poona kuti mapepala a msonkho agwera ngakhale anthu amene angogulitsa mpando wakale pa mtengo woluza. Mu Julayi 2025 aphungu anabweza malire aja pa madola 20,000. Dziko lokhala ndi makompyuta onse aja linalephera kusiyanitsa wamalonda ndi munthu wongogulitsa zake. Ife tingaganize kuti ku Maputo zidzaphweka?

Ndinene poyera kuti sindikudana ndi msonkho. Aliyense amene anakankhapo lole itatitimira m'matope nyengo ya dzinja, mbatatesi zikuwolera pamwamba pake, amadziwa kuti msewu sumangidwa ndi mapemphero okha. Mphunzitsi ndi namwino amadulidwa msonkho wa IRPS malipiro asanafike m'manja mwao. Mwini sitolo wa ku Ulónguè amene ali ndi laisensi ndi nambala ya msonkho ya NUIT amalipira, pamene wina amene amatumiza malole angapo sabata iliyonse, zonse akuyendetsera pa foni, sadziwika ngakhale dzina ku ofesi ya msonkho. Kumeneko n'kukondera, ndipo munthu woteroyo ayenera kupezedwa. Nkhawa yanga ili pa muyeso umene adzagwiritse ntchito pomufunafuna, chifukwa muyeso umene tauzolowera m'dziko muno umawerenga zolowa osayang'ana zotuluka.

Lamulo nambala 5/2009 la pa 12 Januwale 2009 linakhazikitsa msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, umene a Finanças, a ku ofesi ya msonkho, amautcha ISPC. Cholinga chinali chabwino. Amene malonda ake sapitirira 2,500,000 meticais pa chaka anapatsidwa mwayi wosiya chipwirikiti cha msonkho wa IVA ndi misonkho ya phindu, n'kumalipira 75,000 meticais pa chaka kapena 3 peresenti ya zonse zimene wagulitsa. Tamvetsetsani pamenepo: ya zimene wagulitsa, osati ya zimene watsala nazo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekezera. Mayi wagula thumba la mbatatesi kwa mlimi pa 1,000 meticais. Thumba lopanda kanthu, ulusi wosokera, anyamata onyamula, ngolo yofikitsa kumsewu, malo pa lole yopita ku Tete ndi senha (tikiti ya pamsika) zamudyera 200. Wagulitsa pa 1,300. Chake ndi 100. Msonkho wa 3 peresenti suwerengedwa pa 100 ameneyu. Umawerengedwa pa 1,300, ndipo ukukwana 39. Pa phindu lake, pafupifupi magawo anayi mwa khumi apita. Tsono msika ukadzaza, monga umachitira aliyense akakolola nthawi imodzi, n'kugulitsa pa 1,150, mayiyu waluza 50 koma ali ndi ngongole ya msonkho ya pafupifupi 35. Kampani yaikulu siwerengedwa chonchi. Imayamba yachotsa dizilo, malipiro a antchito, kukalamba kwa mathirakitala ndi chiwongoladzanja cha kubanki, n'kulipira pa zotsalazo. Pamwamba pa apo, ndondomeko yofulumizitsa chuma imene pulezidenti Filipe Nyusi analengeza mu Ogasiti 2022 inatsitsa msonkho wa phindu wa makampani a zaulimi kuchoka pa 32 kufika pa 10 peresenti. Sindikuwachitira nsanje. Ndikungofunsa kuti bwanji wamkulu amaloledwa kuonetsa zimene waononga, pamene wamng'ono amaweruzidwa ndi zimene zadutsa m'manja mwake?

Mpaka pano vutoli silinaluma kwambiri chifukwa a msonkho analibe njira yodziwira kuti mayiyu wagulitsa zingati. Tsiku limene adzayambe kupempha mabuku a M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, nambala idzakhala pagalasi la kompyuta, yooneka ngati choonadi chosatsutsika. Koma nambala imeneyo idzakhala ikunama, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa chifukwa chake.

M'midzi yathu foni imodzi si ya munthu mmodzi. Mnyamata amene amadziwa kuwerenga Chipwitikizi ndiponso ali ndi chitupa cholembetsera nambala ndiye amalandirira mayi ake, amalume ake, apongozi, ndi gogo wa nyumba yoyandikana amene sadziwa n'komwe pobaya. Alimi khumi akasonkhanitsa matumba kuti adzaze lole imodzi, wogula satumiza ndalama kakhumi. Amatumiza kamodzi, kwa amene anakambirana naye, ndipo madzulo mnyamata uja amapita kwa ajenti, kutapa, n'kugawa pansi pa mtengo aliyense akuona. Mu foni yomweyo mumalowanso ya mchimwene amene ali ku Johannesburg yogulira feteleza, ya chipereganyu cha amayi, ya chipepeso cha maliro, ya chopereka cha kutchalitchi ngati iye ndi msungichuma. Foni imeneyi ili ngati ngalande ya kudimba: madzi ambiri amadutsamo, koma akathirira mabedi a eni ake imatsala ndi chinyezi chabe. Kompyuta ya ku Maputo idzaona mamiliyoni atadutsa pa nambala imodzi n'kulemba kuti apa pali wamalonda wamkulu wozemba msonkho. Ndipo amene adzaitanidwe kukayankha ndi mnyamata amene katundu wake yense ndi njinga yakapalasa. Adzaonetsa chiyani? Malisiti alibe. Alimi aja sanamulembere kalata. Umboni wake ndi kope la sukulu lolembedwa ndi pensulo, ngati sanalitaye.

Palinso nkhani ya malire osasuntha. Mu 2009 dola imodzi sinkafika 30 meticais. Mu 2016 inadutsa 70, ndipo zaka zaposachedwapa yakhala cha m'ma 64. Feteleza, mbewu ndi dizilo zinakwera motsatira, mitengo ya pamsika nayonso. Koma nambala ya 2,500,000 inakhala pomwepo zaka zoposa khumi. Munthu wogulitsa matumba omwewo amene ankagulitsa kale anapezeka atayandikira mzere wa akuluakulu popanda kulemera ngakhale pang'ono. Nambala ikalembedwa m'lamulo popanda lamulo loti iziwunikidwanso chaka ndi chaka, kukwera kwa mitengo kumaitsitsa mwakachetechete, aphungu osavota. Nawo malire a pansi, a amene salipira konse, lamulo la 2009 linawamangirira ku malipiro ochepetsetsa ovomerezeka a gawo la ntchito lolipira bwino koposa, monga analili pa 31 Disembala chaka chapitacho, kuchulukitsa ka 36. Ndiuzeni, ndi mayi uti wogulitsa tomato pamsika wa Dómuè amene angawerengere zimenezi? Malire amene mwini wake sangathe kuwatchula samuteteza. Amangopereka mpata kwa aliyense wovala yunifolomu kuti amuopseze n'kulandirapo ya fanta.

Tsono a Finanças akumbukire kuti Angónia si Maputo. Kuno munthu akaopa sasowa kolowera. Chipata cha m'malire cha Calómuè chili pafupi, Dedza ya ku Malawi ili tsidya lomwelo. Pa Lizulu msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire enieni, ndipo mbatatesi zathu zakhala zikugulitsidwa pamenepo kuyambira kale. Kwacha imayenda m'misika yathu ya m'malire ngakhale inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbiri yathu imatiuzanso zomwezo: pamene Apwitikizi ankathamangitsa anthu ndi msonkho wa nyumba ndi chibalo, mabanja ankangodzuka usiku n'kuwolokera ku Nyasaland. Lero sadzafunika kusamuka. Adzangosiya kulandira pa foni. Wogula adzabwereranso ndi ndalama m'chiuno, mayi adzakweranso njinga yamoto atabisa ndalama za chaka chonse m'chitenje, ndipo achifwamba adzadziwanso tsiku la msika. Boma lidzataya zonse ziwiri, msonkho umene linkafuna ndi chidaliro chimene anthu anayamba kukhala nacho pa ndalama ya pa foni kuyambira pamene mKesh inabwera mu 2011 ndi M-Pesa mu 2013.

Anzathu anaziona. Uganda inaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama ya pa foni mu Julayi 2018. Anthu anabwerera ku ndalama ya pepala, ndipo chaka chisanathe unatsitsidwa kufika pa 0.5 peresenti, potapa pokha. Ghana inayamba ndi 1.5 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsa kufika pa 1 peresenti mu Januwale 2023, n'kuuthetseratu mu 2025. Ku Malawi konkuno, nduna ya zachuma Joseph Mwanamvekha inabweretsa ganizo la 1 peresenti mu 2019, koma linachotsedwa anthu atadandaula. Iyi inali misonkho ya potumiza ndi potapa, yosiyana ndi nkhani yopereka maina a ogulitsa, koma munthu wakumudzi sasiyanitsa zimenezo. Akangomva kuti foni ikumuneneza kwa a boma, amaisiya.

Ndipo sindingabise kuti pali bala limene silinapole. Ngongole zobisika za makampani a boma a EMATUM, ProIndicus ndi MAM, zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, ndi zimene zinagwetsa metical mu 2016, ndipo amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa pa nkhaniyi kukhoti la ku New York mu Ogasiti 2024. Mlimi wa ku Angónia analipira kale mlandu umenewo pa thumba lililonse la feteleza. Boma limene linalephera kuona mabiliyoni akutuluka pakhomo lalikulu likabwera ndi makina owerengera ndalama za mayi wa kabichi, liyenera kubwera modzichepetsa, litanyamula mayankho.

Choyamba chimene ndikufuna kumva n'chakuti malire operekera dzina la wogulitsa adzakhala okwera, okwanira kugwira wa malole n'kusiya wa ngolo, ndipo adzawerengedwa pa nambala zimene zinalembetsedwa ngati za bizinesi zokha, osati pa foni iliyonse imene yalandira ndalama. Gulu la alimi likagulitsa pamodzi, ndalamayo igawidwe pa chiwerengero cha mamembala asanaiyerekeze ndi malire. Wamalonda wamng'ono amene ali ndi kope lake la zogula ndi zoononga aloledwe kulionetsa, ndipo lilandiridwe ngati umboni ngakhale lilibe chidindo. Senha imene amadula tsiku ndi tsiku pamsika wa munisipiyo ndi msonkhonso, iwerengedwe. Kutchulidwa dzina kusakhale chimodzimodzi ndi kukhala ndi ngongole: munthu ayambe wafunsidwa, m'chilankhulo chake, asanalembedwe chindapusa.

Za chilankhulozi ndilimbikirapo. Bungwe lotolera msonkho la Autoridade Tributária lakhalapo kuyambira 2006, koma malamulo ake amatuluka m'Chipwitikizi cha maloya, chimene ngakhale womaliza sekondale amachiwerenga akukanda m'mutu. Nambala ya malire iyenera kukhala imodzi, yozungulira bwino, yolengezedwa m'Chinyanja pa wailesi ya m'dera chaka chilichonse nyengo yokolola isanafike, ndi kumatidwa pachipata cha msika uliwonse kuchokera ku Ulónguè mpaka ku Tsangano. Ophunzira a zaulimi a Universidade Zambeze ali pa Ulónguè pomwepa. Atumeni m'misika akalembe mtengo weniweni wofikitsa thumba limodzi ku Tete, kuti nambala ya m'lamulo ichokere pa zimene zikuchitika.

Aphungu a chigawo cha Tete ku Assembleia da República ndiwo ali ndi pakamwa pamene malamulo otere akukambidwa. Lamulo lililonse lokhudza malonda a pa intaneti ndi ndalama za pa foni likafika patebulo pao, asavote asanafunse nduna ya zachuma kuti foni yolandirira alimi khumi idzawerengedwa ngati ya anthu angati, ndipo yankho lake lilembedwe m'lamulo momwemo, osati kusiyira wa msonkho wa pa boma kuti adzaganize yekha tsiku limene mnyamata uja waima kutsogolo kwa desiki yake.