Nyumba yakale yomwera mowa nayo ndi mboni ya mbiri

Pabwalo la msika m'tauni ya Newark-on-Trent ku England pali nyumba yamatabwa yotchedwa Old White Hart, yomwe kale inali malo ogona alendo ndi omwera mowa. Akatswiri anapima mizere ya m'kati mwa matabwa ake, imene imasonyeza zaka za mtengo, ndipo anapeza kuti mbali ina inamangidwa m'zaka za m'ma 1300, pomwe kumaso kwake, kokongoletsedwa ndi tiziboliboli ta oyera mtima, ndi kwa m'ma 1400. Ndikukhulupirira kuti nyumba yotere iyenera kutetezedwa mofanana ndi tchalitchi kapena linga la mafumu. Newark ili pa msewu waukulu wakale wochokera ku London kupita kumpoto, ndipo amalonda ndi apaulendo ankafikira m'nyumba ngati iyi. Anthu wamba amenewa sanasiye mabuku. Moyo wawo timauwerenga m'zipinda, m'bwalo la akavalo ndi m'matabwa.

Ena amati malo a chakumwa alibe ulemu woti n'kuwonongerapo ndalama. Komatu kusunga nyumba sikutamanda uchidakwa, ndipo pamalo otere ndi pomwe mitengo ya malonda inkakambidwa komanso nkhani zakutali zinkafikira. Ena amati tauni iyenera kukula. Zoonadi, koma Old White Hart inagwirapo ntchito ngati sitolo popanda kugwetsedwa. Choncho makhonsolo asalole kusintha nyumba zoterezi akatswiri asanazipime ndi kulemba zomwe apeza, pakuti matabwa akawotchedwa umboni umatheratu.