Funde lili ndi dzina la mzungu, malo ali m'manja mwa amuna

Asisi, mukaona kanema pa Instagram wa mzungu ataima pa thabwa akutsetsereka pa funde lalitali ngati nyumba, kumbuyo kuli mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati, mwina ndi ku Mentawai. Izi ndi zilumba za dziko la Indonesia, pafupifupi makilomita 150 kuchoka ku gombe la Sumatra. Okonda masewero a surfing amati mafunde akumeneko ndi ena mwa abwino kwambiri padziko lonse. Ife funso lathu ndi limodzi basi: mayi wa ku Mentawai wapezapo chiyani?

Pafupi ndi mudzi wa Katiet, pachilumba cha Sipora, pali funde lotchuka lotchedwa Lance's Right, kutengera dzina la Lance Knight, mwamuna wa ku Australia amene anafikako mu 1991. Eti mlendo wa dzulodzuloli. Amayi akhala akugwira nsomba m'mphepete mwa nyanja imeneyo kuyambira kalekale, koma palibe funde lodziwika ndi dzina lawo.

Kwa zaka zambiri alendo ankangobwera pa maboti ochokera mumzinda wa Padang. Kulipira amalipiriratu asanafike, kudya ndi kugona m'boti momwemo, akatha ulendo wabwerera. Eni mudzi kumangoonerera pagombe. Mu 2016 boma lakumeneko linayamba kulipiritsa mlendo aliyense wa surfing 1 miliyoni rupiah pa masiku 15. Komabe mu 2020 Mentawai linali boma lokhalo m'chigawo cha West Sumatra pa mndandanda wa maboma otsalira pa chitukuko m'dzikolo.

Pano malo ogona alendo akumangidwa pamtunda, ndipo apa ndi pamene nkhani yatiwawa. Ku Mentawai malo ndi a mtundu, umene amautcha uma, ndipo amayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa ana aamuna. Mtsikana akakwatiwa amasamukira ku uma wa mwamuna wake. Banja likatha, kapena mwamuna akamwalira, amabwerera kwa abambo ake. Ndiye tiuzeni, wabizinesi akabwera ndi pepala lobwerekera gombe, amakhala pansi ndi ndani? Amasaina ndani? Ndalama zimalowa m'thumba mwa ndani? Mayi uja, akachita mwayi, amupatsa ntchito yophika, yochapa ndi yoyala mabedi. Ntchito sitikuinyoza ayi, ambirife tinaphunzira ndi ndalama yochapira. Koma wochapa amachotsedwa ntchito alendo akachepa, pomwe mwini malo amadyabe.

Ena atiuza kuti ndi chikhalidwe chawo, tisalowerere. Chabwino, tiyeni tikambe za chikhalidwecho. Pamene malo anali a chakudya, mayi ankalima, ankakolola, ankadyapo ngakhale sanali m'dzina lake. Malo omwewo akasanduka ndalama, n'kuikapo mpanda ndi mlonda, mayi amataya ndi kakang'ono kaja anali nako. Makolo awo sanapange mwambowo akuganiza za hotelo. Amene akubisala kumbuyo kwa mwambo lero akuteteza thumba lawo.

Enanso ati, nanga si ma surfer omwewo amathandiza? Zoona. Bungwe la SurfAid linayamba mu 2000, dokotala wa ku New Zealand, Dave Jenkins, atapita kukasewera pa mafundewo n'kupeza amayi ndi ana akumwalira ndi malungo komanso matenda ena opeweka. Ntchito yabwino, tikuombera m'manja. Koma masikito ndi sikelo sizipatsa mayi mpando pomwe akugawana ndalama za gombe. Akamafuna chithunzi chopemphera thandizo amamupeza msanga, tsiku losaina ndiye amasowa?

Ife kuno mafunde a surfing tilibe, koma magombe tili nawo, ndipo mipanda ya malo ogona alendo ku Mangochi mwaiona nokha, pomwe amayi ankachapa ndi kutunga madzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 likuti mwa anthu 6 osankhidwa m'komiti yoona za malo, osachepera 3 akhale amayi. Inu amene kwanu ndi kunyanja, imbani foni kumudzi sabata ino. Funsani ngati komitiyo ilipo, amayi atatuwo ndi ndani, ndipo gombe lomwe linaperekedwa komaliza analipo kapena anangomva pachitsime.