Maluwa a Lalanje Aja Ndi Abale a Deliya

Mabanja ambiri masiku ano akubzala maluwa ofanana ndi mpendadzuwa, koma aang'ono, ofiirira ngati lalanje lakupsa. Ena amawatcha mpendadzuwa wa ku Mexico, ndipo sanalakwitse, chifukwa kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Akatswiri a zomera amati Tithonia rotundifolia. Ali ndi m'bale wawo amene tonse timamudziwa, deliya, uja wa maluwa achikasu amene amadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda mvula ikangotha. Nayenso anachokera komweko, ngakhale wakhazikika kuno ngati mwini mudzi.

Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Wa lalanje amamera, kuchita maluwa ndi kufa m'nyengo imodzi, ndipo amatalika mita imodzi kapena iwiri. Deliya ndi chitsamba chokhala zaka, chopitirira msinkhu wa munthu, ndipo mukachidula chimaphukanso. Mbewu zawo si zokazinga kapena zoyengera mafuta ngati za mpendadzuwa.

Wa lalanje safuna zambiri. Fesani mvula ikayamba, pamalo pofika dzuwa tsiku lonse, motalikirana masentimita pafupifupi 60. Manyowa akachuluka mupeza masamba okhaokha, maluwa ochepa. Duwa likafota lichotseni kuti ena aphuke. Ngati mukudula oti mukakongoletse kutchalitchi pa Sabata, gwirani mosamala Lachisanu lomwelo, pakuti khosi la duwali ndi la mphako ndipo limathyoka msanga. Agulugufe ndi njuchi amawakonda kwambiri, choncho si zoipa kuwaika pafupi ndi maungu ndi nyemba.

Deliya ndiye wantchito. Masamba ake akauma amakhala ndi nayitrojeni pafupifupi magawo 3.5 pa 100 alionse, ndipo amavunda msanga. Ndi mmene feteleza wakwerera mtengo, si chomera chongochiyang'ana. Dulani masamba ndi nsonga zanthete, muzikwirire m'mabedi a mpiru, repu kapena tomato masiku angapo musanawokere. Ena amaviika masambawo mumgolo kwa sabata ziwiri, nasungunula madziwo ndi ena n'kuthirira ndiwo. Njirayi ndi yabwino, koma mgolo uvundikiridwe zolimba. Madzi osavundikira pakhomo ndi poikira mazira udzudzu, komanso mwana wamng'ono amagweramo kwa kanthawi kochepa chabe. Fungo lakenso si la pafupi ndi khitchini.

Kafukufuku wa ku Malawi ndi ku Tanzania anaonetsa kuti masamba ouma a deliya, osinjidwa ndi kuviikidwa usiku wonse m'madzi a sopo pang'ono, amachepetsa nsabwe za pa nyemba. Sefani, poperani madzulo, ndipo ndiwozo muzitsuke bwino musanaphike. Amene khungu lawo sililimba avale magolovesi kapena majumbo m'manja, chifukwa masambawa amayabwa ena.

Pamenepa m'pamene tikufuna tiimepo pang'ono. Tikamayendera makomo timamva kuti ena amawiritsa masamba a deliya n'kumwa pofuna kuchiza malungo kapena shuga. Maganizo ake ndi oti chowawa ndiye mankhwala, ndipo deliya amawawadi. Koma madzi amene amapha tizilombo pa nyemba si oti munthu azingomwa ndi kapu. Palibe amene angatiuze mlingo wake, popeza mphamvu ya masamba imasiyana malinga ndi nthaka ndi nyengo. Poyesa pa makoswe, madzi a deliya ochuluka anaononga chiwindi ndi impso. Kwa wodwala shuga, amene impso zake zili kale pachiswe, kumeneko n'kuwonjezera katundu pa wotopa kale.

Choopsa chachikulu ndi kuchedwa. Mwana akatentha thupi, tsiku limene tikumumwetsa zowawa kunyumba ndi tsiku limene malungo akukula. Apite kuchipatala pasanathe maola 24, akayezedwe magazi, ndipo akapezeka ndi malungo amwe LA mpaka kumaliza masiku onse atatu, ngakhale aoneke kuti wachira. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwalawo n'zaulere. Timakonda zachilengedwe, inde, koma si chomera chilichonse chimene chili choyenera m'mimba. Amayi oyembekezera asayese n'komwe.

Komanso maluwawa ndi osamva. Mbewu zake zimamera paliponse pamene zagwera, ndipo akachuluka amaphimba udzu wa ziweto ndi zomera zathu za kuno. Ku South Africa mitundu yonse iwiri ili m'gulu la zomera zimene lamulo limati zithetsedwe, choncho abale athu okhala kumeneko asawabzale. Kuno amene ali ndi deliya m'malire azimudula kawirikawiri asanachite mbewu, masambawo apite kudimba. Wa lalanje musiyeni mitu iwiri kapena itatu yoti iume ya mbewu za chaka chamawa. Yotsalayo iduleni ikangofota, ndipo musaitaye m'mphepete mwa mtsinje.