Phunziro la sitima yomwe inatseka ngalande ya Suez

Pa 23 Marichi 2021, sitima yapamadzi yotchedwa Ever Given, yotalika mamita 400, inapingasa mu ngalande ya Suez ku Egypt kukuwomba mphepo yamkuntho. Inatitimira pamenepo masiku asanu ndi limodzi, ndipo pomwe inkachotsedwa pa 29 Marichi, sitima zoposa 400 zinali zikudikira njira. Pa nthawiyo, ngalandeyi ndi imene kunkadutsa pafupifupi magawo 12 mwa magawo 100 alionse a malonda a dziko lonse lapansi.

Ngozi imodziyi inagwedeza misika yakutali chifukwa makampani ambiri analeka kusunga katundu wochuluka. Amaitanitsa zipangizo kuti zifike pa nthawi yeniyeni imene zikufunika, poti kusunga katundu kumadya ndalama. Nzeru imeneyi imapindulitsa pa masiku a mtendere, koma njira ikatsekeka, fakitale imasowa zogwirira ntchito.

Pothawira pa eni sitima ndi kuzungulira Africa kudzera ku Cape of Good Hope, zomwe zimawonjezera masiku pafupifupi khumi pa ulendo wochoka ku Asia kupita ku Ulaya. Anatero kuyambira 1967 mpaka 1975, pamene nkhondo ya Egypt ndi Israel inatseketsa ngalandeyi. Anateronso kumapeto kwa 2023, gulu la Houthi la ku Yemen litayamba kuwombera sitima pa nyanja ya Red Sea. Katundu amafika ndithu, koma mafuta, inshuwalansi ndi malipiro a antchito zimakwera, ndipo mtolo wonsewo umathera pamutu pa wogula.

Ife a ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza, pakuti tilibe doko la panyanja yaikulu. Mafuta a galimoto ndi feteleza zimatipeza kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza Beira ndi kudula msewu wotulukira mumzindawo, ndipo njira imodzi mwa zitatuzi inatsekeka.

Tsoka ladzidzidzi silipangana tsiku, koma lingathe kukonzekeredwa m'njira ziwiri: kukhala ndi njira zingapo zodutsira katundu, ndiponso kusunga za mawa. Kampani ya boma ya NOCMA ili ndi nkhokwe za mafuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Komabe nkhokwe imathandiza ikakhala yodzaza, ndipo kuidzaza kumafuna ndalama zakunja zoikidwa padera zinthu zisanavute. Dziko lokana kulipira mtengo umenewu pa nthawi yabwino limadzaulipira pa mizere ya pamalo omwetsera mafuta.